Kalota Asankha Sukulu

1. Mabotolo a pazenera

Onse a m'nyumba zalendi za kuseri kwa msika ankamuitana Kalota. Dzinali anamupatsa ndi aphunzitsi ake a masamu, poti nthawi zambiri ankamupeza ataimika cholembera m'malere, maso ali pazenera, ngati munthu womvetsera nyimbo yochokera kutsidya. Sukulu anamaliza, koma dzinalo linamukanirira ngati chisoso pamalaya.

Pazenera la chipinda chake anandandalikapo mabotolo otolatola. Anawatsuka bwinobwino n'kuthiramo madzi osakaniza ndi utoto wa makeke. Dzuwa likangotuluka, khoma lonse linkavala zofiira, zobiriwira ndi zachikasu, ndipo iye ankagona chagada n'kumaonerera mitunduyo ikukwawa pang'onopang'ono kutsikira pansi.

Zonsezi zinayamba tsiku limene anaperekeza amayi ake, omwe anali atelala, kukasiya madiresi kuhotela ina yaikulu. Akudikira pakhonde, anasuzumira m'chipinda china chozizira bwino. Kuseri kwa kauntala kunaima mayi wovala malaya oyera ndi kajekete kakuda. Mayiyo ankakhutchumula kachitini kowala pafupi ndi khutu lake, ngati akumvetsera zimene madzi oundana akunong'ona mkatimo. Kenaka anatsanulira m'tambula yaitali chakumwa chofiira pansi, chachikasu pamwamba, ngati thambo dzuwa likamalowa.

Kalota sanalakelake kumwa. Analakalaka kupanga.

Tsopano anali atamva za sukulu ziwiri zophunzitsa ubamani, ntchito yosakaniza zakumwa ndi kutumikira alendo m'bala. Zonse ziwiri zinkalandira anthu odzaona Loweruka limenelo. Amayi ake sankadziwa kanthu. Akanawayamba pati? Mawu awo pankhani ya mowa ankawadziwa pamtima.

"Mwana wanga," iwo ankatero, phazi likupalasa makina, "mowa ndi mbala imene mwini nyumba amachita kuitsegulira yekha chitseko n'kuipatsa mpando. Imayamba ndi kuba nsapato, kenaka ntchito, kenaka ulemu, potsiriza imanyamula munthu yense. Ndipo mtsikana akangooneka kuseri kwa kauntala m'bala, anthu safunsa kuti akuchitako chiyani. Amangomupatsa dzina, ndipo dzina limenelo ngakhale sopo salichotsa. Ine ndakulera ndi singano iyi kuti uziyenda wosazolika. Usadzandichititse manyazi."

M'mawa wa Lowerukalo Kalota anavala siketi yake yabwino n'kuima pakhomo.

"Amayi, ndikukathandiza malume kuthirira mbande."

Amayi ake anangogwedeza mutu, mapini ali kukamwa.

2. A Sitima

Malume akewo anali mlongo wa amayi ake. Anthu ankawatchula a Sitima, chifukwa paunyamata wawo anagwirapo ntchito ya ubamani m'sitima zikuluzikulu zapanyanja zonyamula alendo. Anabwerako ndi nkhani zambirimbiri, sutikesi yopanda kanthu ndi manja onjenjemera. Amayi a Kalota ndiwo ankawatola m'ngalande, mpaka tsiku lina a Sitimawo anausiya mowa. Tsopano ankagulitsa mbande za maluwa m'mphepete mwa msewu, ndipo pakhosi pawo sipankadutsanso china koma tiyi ndi madzi.

Kalota anawapeza atavala jekete lawo lakale la mabatani owala, nsapato atazipukuta mpaka kuoneramo nkhope.

"Lero ndiye mwatchena, malume! Mukukafunsira?"

"Ndikukafunsira iweyo sukulu, mwana wopanda mwambo. Tiye."

Ali m'minibasi, Kalota anawagwira mkono. "Mundiuzenso za nsomba zouluka zija."

A Sitima anamwetulira. Anamuuzanso za nsomba zamapiko zimene zinkadumpha m'madzi n'kumanyezimira ngati masupuni oponyedwa m'mwamba, za mizinda yooneka patali ngati mikanda yomwazika, za madzi opanda malire amene m'mawa ankakhala osalala ngati nsalu yosita. Kenaka nkhope yawo inasintha.

"Zokomazi ndakuuza kambirimbiri. Lero umve zinazo. Ntchito imeneyi ndi yabwino, usamvere zonena anthu. Imafuna manja aukhondo, mutu wogwira ndi mtima woleza. Koma uli ngati munthu wogwira ntchito m'mphepete mwa chitsime chakuya. Tsiku ndi tsiku umatungira ena, ndipo madzi aja amakhala akukuyang'ana. Kasitomala wokondwa amati, 'Imwako kamodzi, ndilipira ine.' Wachisoni amati, 'Usandisiye ndimwe ndekha.' Ukakana amati ndiwe wonyada. Ndaona anyamata amphamvu kuposa ine akuterereka m'menemo. Tsono tikafika kumeneko, usakangoyang'ana nyali. Ukaone ngati akuphunzitsa kuima pamphepete osagweramo. Kusankha n'kwako. Ine ndangobwera kudzakhala maso ako achiwiri."

"Ndamva, malume," anatero Kalota. Koma maso ake anali kale pamtambo wina woyera umene unkayandama pamwamba pa madenga, wooneka ngati sitima.

3. Sukulu ya magalasi

Sukulu yoyamba inali m'nyumba yatsopano yosanja, pamwamba pa sitolo yogulitsa mafoni. Atangokankha chitseko, nyimbo zinawalandira. Kunja kunali dzuwa, koma mkatimo munali ngati madzulo osatha. Nyali zofiirira zinkazungulira padenga, ndipo makoma onse anali magalasi odziyang'anira. Mabotolo enieni a mowa anafola m'mashelefu mpaka kudenga, lililonse likuwala ndi mtundu wake.

Mphunzitsi wake anali mnyamata wamtali wopinda malaya m'mikono. Ophunzira ankamutchula Mphenzi. Mabotolo ankachoka m'manja mwake, kuzungulira m'malere, kudutsa kumsana, n'kubwereranso ngati nkhunda zodziwa kwawo.

"Takulandirani!" anafuula. "Kuno sititaya nthawi ndi mabuku. Masabata ochepa chabe, mwatha, satifiketi m'manja. Mukuona zithunzi zili apozo? Amenewo ndi ana athu. Uyo ali pasitima. Uyo ali kuhotela ya m'mbali mwa nyanja. Mawa ndi inuyo!"

Kenaka, mosachenjeza, anaponyera Kalota botolo. Kalota sanaganize n'komwe. Dzanja lake linangotambasuka lokha n'kuliwakha pakhosi. Chipinda chonse chinawomba m'manja.

"Eee! Manja awa ndi apanyanja, chemwali!"

Kalota anadziona m'magalasi. Sanali mmodzi. Anali ambirimbiri, kumanja ndi kumanzere, mpaka kutali kumene maso sakanafika, ndipo aliyense anagwira botolo lowala. Pansi panayamba kuyendayenda pang'ono ngati pali mafunde. Anamva ngati mphepo yamchere ikumupita m'tsitsi.

"Pepani aphunzitsi," mawu a malume ake anamveka ngati akuchokera kutali. "Nanga ophunzira amene sali pazithunzipa ali kuti?"

Mphenzi anaseka. "Madala, ofooka sasowa paliponse. Ife timaonetsa opambana."

Kalota sanamve bwino yankholo. Iye anali akadali panyanja.

4. Tambula yobiriwira

"Lamulo la pano ndi limodzi," anatero Mphenzi, akuthira izi ndi izo m'kachitini. "Chimene wapanga, umwe. Udziwa bwanji kukoma kwake?"

Ophunzira anakweza matambula awo n'kugugudiza. Ena ankaseka mokweza kwambiri, ngakhale kuti nthawi ya nkhomaliro inali isanakwane. Mtsikana wina anatsamira khoma, maso ali lendelende.

Wina atanong'oneza Mphenzi kuti bambo ajekete aja anagwirapo ntchito pasitima, iye anadumpha ndi chimwemwe.

"Mkulu wathu ali pompano, ife osadziwa! Muyenera kutiyesa mayeso, madala."

Anatsanulira chakumwa chobiriwira ngati msipu wa mvula yoyamba, n'kuika tambulayo patsogolo pa a Sitima. Kunja kwa tambulayo kunkatsika timadontho ta thukuta lozizira.

"Zikomo, mwana wanga, koma sindimwa," anatero a Sitima.

"Aaa, madala! Kulawa si kumwa. Kamodzi kokha."

"Lawani! Lawani! Lawani!" ophunzira anayamba kuimba, akumenya pakauntala.

Apa m'pamene Kalota anatembenuka. Anaona malume ake atayang'anitsitsa tambula ija ngati mwana woyang'ana moto. Mphuno zawo zinkatukuka ndi fungo. Dzanja lawo lonjenjemera linachoka m'thumba, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, ngati si lawo.

Magalasi aja, nyali zija, mafunde aja, zonse zinazima nthawi imodzi. Kalota analanda tambulayo n'kukhuthulira zonse m'sinki.

Nyimbo zokha n'zimene zinapitiriza.

"Anena kuti samwa," anatero Kalota.

Mphenzi anakweza mapewa. "Ukamataya zakumwa chonchi, abwana adzakuchotsa tsiku loyamba lomwe. Komabe ubwere Lolemba. Manja uli nawo, sindinama."

Atatsika, a Sitima anakhala pamasitepe. Thukuta linali kamukamu pamphumi pawo.

"Ndikanamwa," ananena motsitsa. "Sindikunamiza mwanawe, ndikanamwa."

Kalota anakhala pambali pawo n'kuwagwira dzanja mpaka linachepetsa kunjenjemera.

"Tibwerere kunyumba, malume?"

"Ayi. Mwana wa mlongo wanga sasankha ataona mbali imodzi. Dzuka."

5. Mayi Ndimu

Sukulu yachiwiri anachita kuifunsira. Inali kuseri kwa hotela ina yakale. Anadutsa kanjira kopapatiza pakati pa zingwe zoyanikapo nsalu zofunda za m'hotelamo. Nsaluzo zinkafufuma ndi mphepo, zoyera mbee, n'kumawakhudza kumaso akamadutsa.

Chipinda chake chinalibe nyimbo. Munali kauntala yamatabwa yopukutika ndi zigongono, sinki yaikulu ndi zenera lotsegula. Ophunzira ochepa ankapukuta matambula, aliyense akukweza yake kudzuwa kuti aone ngati yayera. Kalota atayang'anitsitsa mabotolo a pashelefu, anaseka mosafuna. Munali madzi a utoto, ngati a pazenera lake.

"Chikukuseketsa n'chiyani?"

Wofunsayo anali mayi wamfupi, wojintcha, wovala magalasi amaso. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wangoluma chipatso chowawasa, n'chifukwa chake ophunzira ankawatchula Mayi Ndimu. Iwo ankalidziwa dzinalo, ndipo silinkawadetsa nkhawa.

"Palibe, mayi. Kodi kuno mumaphunzitsa kuponya mabotolo?"

"Botolo ndi katundu wa abwana, si mpira."

"Nanga za ntchito zapasitima?"

Mayi Ndimu anavula magalasi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ine sitima ndilibe, ndiye sindingakulonjeze. Alipo ana anga amene anakwera, alipo ena ali m'mahotela a konkuno, alipo ena amene analephera. Ukabwera kuno, miyezi yoyamba udzatsuka matambula mpaka zala zidzachite makwinya. Udzaphunzira kuyeza, kudula zipatso, kusunga zinthu mwaukhondo, ndi kuzindikira mwana wonamizira ukulu. Polawa, timaika kadontho palilime n'kulavula, ndipo wosafuna sitimukakamiza. Koma phunziro lalikulu ndi nkhope. Bamani woyang'ana botolo kuposa nkhope ya munthu ndi woopsa ngati dalaivala woyang'ana wailesi. Uyenera kudziwa amene mowa wamukwana, amene akayendetse galimoto, mtsikana amene anzake akumuumiriza, ndi bambo amene akufuna kugwira dzanja lako m'malo mwa tambula. Uyenera kudziwa kukana mosanyoza munthu, koma osabwerera m'mbuyo. Anthu adzakunena, poti ndiwe mkazi. Inenso anandinena mpaka malilime awo anatopa. Ulemu wako udzausunga wekha. Palibe satifiketi imene idzakusungire."

Kalota anazolika. Nkhani ya miyezi yotsuka matambula inamulemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Mayi Ndimu anatembenukira kwa a Sitima. "Bambo, mwayenda padzuwa. Tikupatseni chiyani?"

"Sindimwa, mayi."

"Sindinafunse chimene simumwa. Ndafunsa chimene mumamwa." Kenaka analoza Kalota. "Iwe, samba m'manja. Mlendo wako ndi ameneyu. Apo pali mandimu, malalanje, jinja, shuga ndi madzi oundana. Uwapangire chakumwa choti asachite nacho manyazi pakati pa anzawo."

Kalota anazungulira n'kulowa kuseri kwa kauntala, koyamba m'moyo wake. Anadula lalanje, ndipo fungo lake linadzaza chipinda. Anafinya ndimu, anasinja jinja, anathira zonse m'kachitini pamodzi ndi madzi oundana. Atakakweza pafupi ndi khutu n'kuyamba kukhutchumula, anamva phokoso lija analimva kuhotela, ngati matalala akugwa padenga lakutali. Chitinicho chinazizira mpaka zala zinachita dzanzi. Pothira anayang'ana malume ake. Iwo anali atakhala mowongoka, manja ali phee pakauntala, ngati mlendo wolemekezeka.

Mayi Ndimu anatapa pang'ono ndi supuni n'kulawa. Nkhope yawo inakwinyika kuposa kale.

"Shuga wachuluka. Ndimu waifinya mpaka khungu, n'chifukwa chake chikuwawa kumapeto. Tambula waigwira kumlomo, pomwera mlendo, ngati ukufuna amwe zala zako." Anaika supuni pansi. "Koma pothira unawayang'ana kumaso. Zimenezo ena ndimalimbana nawo mpaka chaka kutha."

A Sitima anakweza tambula ndi manja awiri. Anamwa pang'ono n'kutsinzina. Dzuwa la pazenera linkadutsa m'chakumwacho n'kuwapaka chikasu pachibwano.

"Shuga wachulukadi," anatero, maso ali chitsinzinire. "Koma musandilande."

Ophunzira onse anaseka, ndipo ngakhale pakamwa pa Mayi Ndimu panagwedezeka pang'ono.

6. Epuloni yakuda

Kalota anatsuka chitini ndi mpeni asanauzidwe. Atamaliza anapukuta manja n'kufunsa, "Ndingayambe liti, mayi?"

"Waganiza bwino, mwanawe?" a Sitima analowererapo. "Kuno kulibe nyali, kulibe zithunzi. Kuja anakuwombera m'manja. Usasankhe pondimvera ine chisoni."

"Si chisoni, malume. Kuja kunandikomera mpaka ndinaiwala kuti muli pambali panga. Kuno andiuza kuti ndikuyang'aneni."

A Sitima anangoyamba kukonza mabatani a jekete amene anali okonzeka kale.

Mayi Ndimu anatsegula kabati n'kutulutsa epuloni yakuda yopinda bwino.

"Lolemba m'mawa. Koma kodi amayi ako akudziwa kuti uli kuno?"

Kalota anayang'ana pansi.

"Ndinadziwa. Tamvera tsono. Ubwere nawo, kapena ubwere ndi mawu awo. Ine sindiphunzitsa mwana wobisala. Wonamiza kunyumba adzanamizanso pakauntala, ndipo pakauntala bodza limapha anthu. Akakana, undibwezere epuloni yangayi ili yochapa."

Pobwerera, a Sitima anatsikira pambande zawo. "Ndipite nawe? Mlongo wanga ndimamudziwa ukali wake."

"Ayi, malume. Pakamwa pomwe panama m'mawa ndi pomwe pakanene zoona."

Anayenda yekha kudutsa kuseri kwa msika, epuloni ataikumbatira pachifuwa. Dzuwa linali litapendeka, ndipo fumbi la m'njira linkayandama ngati ufa wagolide. Ankayeserera mawu chamumtima. Amayi, ndili ndi nkhani. Amayi, musakwiye msanga. Amayi, ndapeza chimene manja anga akufuna.

Atayandikira pakhomo, anadabwa. Makina osokera anali chete. M'malo mwake munkamveka nyimbo. Amayi ake ankaimba, chinthu chimene Kalota anali asanachimve kuchokera pamene bambo ake anamwalira. Anabisa epuloni kumbuyo n'kukankha chitseko.

Patebulo panali sutikesi yotsegula, zovala zake zitapindidwa kale mkatimo.

"Wafika, mwana wanga!" Amayi ake anamuthamangira, maso ali ndi misozi. "Azakhali ako aimba foni. Kusukulu ya anamwino kumene tinakufunsira malo kuja kwapezeka mpata, mtsikana wina wasiya. Akufuna ukafike Lolemba. Basi inyamuka mawa m'mawa!"

Kalota anaima chilili.

Amayi ake anatsegula kabati n'kutulutsa diresi loyera, la kolala yowongoka ndi timatumba tiwiri kutsogolo. Analitambasula m'mwamba ndi manja onse awiri.

"Ndakhala ndikulisoka mobisa, ndikupemphera kuti tsiku lake lifike. Msoko uliwonse ndaubwereza kawiri. Bwera, uvale ndikuone. Kweza manja."

Kalota sanakweze manja.

Amayi ake anatsitsa diresi lija pang'onopang'ono. Kumwetulira kunayamba kuchoka pankhope pawo.

"Kalota, wabisa chiyani kumbuyoko?"